Malire, Ulamuliro ndi Malo Opatulika mu Mzinda wa Norwich, 1096 mpaka 1538

Mawu oyamba

Munthu akamva za mzinda wa ku Ulaya wa m'nyengo yapakati, ndiye kuti zaka za pakati pa 500 ndi 1500, kawirikawiri amaona m'maganizo mwake khoma limodzi lalitali lozungulira nyumba zonse, chipata chotsekedwa usiku, ndi tchalitchi chachikulu pakatikati. Chithunzi chotere chimapereka maganizo akuti onse okhala m'kati mwa khomalo adali anthu amodzi, omvera akuluakulu amodzi ndi bwalo limodzi la milandu. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti m'kati mwa khoma la mzinda munkakhala malire ena ambiri, ndipo ena mwa malirewo anthu ankafera.

Ndasankha mzinda umodzi wokha, Norwich, womwe uli m'chigawo cha Norfolk kum'mawa kwa dziko la England, m'mbali mwa mtsinje wa Wensum. M'nyengo yomwe ndikukambayi Norwich udali umodzi mwa mizinda ikuluikulu ndiponso yolemera ya dzikolo. Ndausankha chifukwa mkangano wa pakati pa eni mzinda ndi amonke a pa tchalitchi cha bishopu udalembedwa ndi anthu a mbali zonse ziwiri, ndipo zipata zomwe ankakanganirapo zikadalipo. Mfundo yanga ndi yakuti mpanda wa amonke udali malire a bwalo la milandu ndi a msonkho koposa kukhala malire a pemphero, ndipo magazi adakhetsedwa chifukwa cha malo a kunja kwa mpandawo, pomwe mbali iliyonse inkati mpake.

Momwe Anormani adadulira mzinda

Asadafike Anormani, omwe adagonjetsa England mu 1066, Norwich udali kale mzinda wotukuka. Buku la kalembera wa chuma lotchedwa Domesday Book, lomwe lidalembedwa mu 1086 molamulidwa ndi Mfumu William, likusonyeza kuti mu 1066 mumzindamu mudali nzika 1,320 zokhala ndi ufulu wa eni mzinda. Msika wawo udali pa bwalo lotchedwa Tombland. Dzinali limasokeretsa, chifukwa wodziwa Chingerezi cha lero amafulumira kuganiza za manda, pomwe lidachokera ku mawu akale otanthauza malo opanda kanthu, bwalo lopanda nyumba.

Anormani adaudula mzindawu katatu. Poyamba adamanga linga la mfumu pa chitunda chounjika ndi manja, ndipo nyumba 98 zidagwetsedwa kuti lingalo lipeze malo. Malo ozungulira lingali adakhala a mfumu yeniyeniyo, ndipo akuluakulu a mzinda adalibe mawu pamenepo mpaka mu 1345. Kachiwiri adakhazikitsa dera latsopano la anthu olankhula Chifalansa kumadzulo kwa linga, pamodzi ndi msika watsopano, womwe ndi msika wa Norwich mpaka lero. Motero malonda a tsiku ndi tsiku adachoka pa Tombland n'kupita m'munsi mwa linga, pomwe maso a asilikali a mfumu ankafika.

Kudula kwachitatu ndiko kukundikhudza kwambiri pano. Bishopu Herbert de Losinga adasamutsa likulu la dayosizi yake kuchoka ku Thetford kubwera ku Norwich, ndipo mu 1096 adayamba kumanga tchalitchi chachikulu. Bishopuyu adaupeza udindo wake popereka ndalama kwa mfumu, tchimo lomwe adakalapa kwa papa, ndipo ambiri amati ntchito yomangayi idali mbali ya kulapa kwakeko. Kaya n'chifukwa cha kulapa kaya n'chifukwa cha ulemerero, malo omwe adatenga sadali tchire. Mbali ina idalidi dambo lodyetsako ng'ombe, koma mbali ina mudali nyumba, misewu ndi matchalitchi a anthu, kuphatikizapo tchalitchi cha St Michael cha pa Tombland, chomwe chidagwetsedwa. Miyala yoyera yomangira idachokera ku Caen, ku Normandy, kudzera panyanja ndi mumtsinje wa Wensum, ndipo adakumba ngalande yofikitsa mabwato pamalo omangawo. Ntchitoyi idatha cha m'ma 1145. Malo onse a mumpanda wa tchalitchi ndi opitirira maekala 40.

Ku England kudali mwambo wakuti matchalitchi ena a mabishopu ankayang'aniridwa ndi amonke. Losinga adaika ku Norwich amonke pafupifupi 60 a chipani cha Benedict Woyera. Bishopu ankawerengedwa ngati tate wawo, koma zochitika za tsiku ndi tsiku zinkayendetsedwa ndi mkulu wa amonke, ndipo ndi iyeyu, osati bishopu, yemwe eni mzinda ankalimbana naye kawirikawiri. Chipata chachikulu cha mpanda wa amonke chidayang'ana pa Tombland. Bwalo lomwe lidali mtima wa mzinda wakale tsopano lidasanduka khonde la alendo.

Mtembo wa mwana ndi funso lakuti Ayuda ngayani

Chitsanzo choyamba choonetsa momwe malirewa ankagwirira ntchito ndi chomvetsa chisoni. Mu Malichi 1144 mtembo wa mnyamata wa zaka 12, dzina lake William, yemwe ankaphunzira ntchito yofufuta zikopa, udapezeka m'nkhalango ya Thorpe kunja kwa mzinda. Yemwe adamupha sadadziwike. Wansembe wina, yemwe adali mbale wa mnyamatayo, adaimirira pa msonkhano wa dayosizi n'kuloza chala Ayuda a mumzindamo, ndipo Ayudawo adaitanidwa kuti akayankhe pamaso pa akuluakulu a mpingo. Nduna ya mfumu ya m'chigawocho, John de Chesney, idakana. Idati mpingo ulibe mphamvu pa Ayuda popeza iwo ali m'manja mwa mfumu, ndipo idawalowetsa m'linga mpaka zinthu zitazizira. N'chifukwa chake Ayuda a ku Norwich ankakhala pakati pa msika ndi linga: kufupi ndi malonda, kufupinso ndi pothawira.

Patapita zaka zochepa, mmonke wina, Thomas wa ku Monmouth, adalemba buku lonena kuti Ayuda adapha mwanayo monyoza imfa ya Yesu. Lidali bodza lopanda umboni, koma ndi loyamba lodziwika la mtundu wake ku Ulaya wa nthawiyo, ndipo bodzali lidaphetsa Ayuda ambiri m'maiko osiyanasiyana m'zaka mazana otsatira. Chomwe chikukhudza phunziro lino ndi ulendo wa mtembowo. Udachotsedwa m'nkhalango n'kuikidwa m'manda a amonke, kenako m'chipinda chawo cha misonkhano, pomaliza m'tchalitchi chachikulu momwe. Kusamutsidwa kulikonse kunkaulowetsa m'katikati mwa malo opatulika, ndipo m'mene unkalowa m'kati ndi m'menenso mbiri ya kuyera kwa mwanayo inkakulira, pamodzi ndi zopereka za alendo odzapemphera. Ine ndikuona kuti apa malo ndiwo adapanga woyera mtima, ndipo eni malowo ndiwo adapindula.

Chitetezo cha linga sichinkafikira aliyense nthawi zonse. Mu Febuluwale 1190 Ayuda omwe adapezeka m'nyumba zawo asadathawire m'linga adaphedwa. Mu 2004 anthu omanga malo a masitolo ku Chapelfield adapeza mafupa a anthu 17, ambiri mwa iwo ana, m'chitsime chakale, ndipo kafukufuku wa DNA yemwe adafalitsidwa mu 2022 adasonyeza kuti ena mwa anthuwo adali ochokera ku mtundu wa Ayuda ndipo adafa cha m'nyengo yomweyo. Mu 1290 Mfumu Edward I idathamangitsa Ayuda onse mu England.

Tanthauzo la malire

Mu 1194 Mfumu Richard I idapatsa eni mzinda wa Norwich chikalata chowalola kusankha mtsogoleri wawo, kuweruza milandu yawo ndi kutolera okha misonkho, malinga azipereka kwa mfumu mapaundi 108 pachaka. Kuyambira mu 1223 mzindawu unkayendetsedwa ndi akuluakulu anayi otchedwa mabailiff. Apa ndi pomwe mkangano ndi amonke udamera mizu. Ndalama ya mfumu idayenera kukwana chaka ndi chaka, zivute zitani, choncho munthu aliyense wochita malonda mumzinda koma osapereka nawo ankaonjezera katundu pa mitu ya anzake. Amonke adali ndi anthu okhala pa malo awo kunja kwa mpanda, monga ku Holme Street, msewu womwe lero umatchedwa Bishopgate, ndi ku Ratton Row pafupi ndi Tombland. Iwo ankati anthu amenewa ndi a bwalo la mkulu wa amonke, ndipo ufulu wawo ndi wakale kuposa chikalata cha 1194. Mfumu, m'kuona kwawo, sikadapatsa mzinda chinthu chomwe mafumu akale adapereka kale kwa Mulungu.

Kuti timvetse bwino kulemera kwa nkhaniyi tiyenera kufunsa zomwe malire ankatanthauza kwa munthu wa nthawi imeneyo. Mbala ikagwidwa pamalo akutiakuti, woimanga ndani, ndipo ikaweruzidwa m'bwalo la yani? Munthu akapezeka atafa, ndi coroner wa yani, ndiye kuti mkulu wofufuza za imfa zadzidzidzi, yemwe ayenera kudzaona mtembo? Wamalonda akayala katundu wake, msonkho apereka kwa yani? Mafunso onsewa adali ndi ndalama kumbuyo kwake. Chindapusa cha wophwanya malamulo a kagulitsidwe ka buledi ndi mowa chinkapita kwa mwini bwalo. Kuweruza milandu kudali munda wokolola chaka chonse. Komanso kulola kamodzi kokha kuti mkulu wa mbali inayo amange munthu pamalo ako kudali koopsa, chifukwa mawa lake ankanena kwa oweruza a mfumu kuti umenewo ndiwo mwambo. Ichi ndicho chifukwa chake tinthu tooneka tating'ono, monga yemwe adayamba kugwira mtembo, tinkatengedwa ngati nkhani ya moyo ndi imfa.

Tombland padali pamalo pomwe mafunso onsewa ankakumana. Bwaloli lidali kunja kwa mpanda wa amonke, ndipo anthu a mumzinda ankadutsapo tsiku lililonse. Koma amonke adali ndi chilolezo cha mafumu chochititsa pamenepo msika waukulu wa pachaka m'nyengo ya Pentekoste, ndipo misonkho yake idali yawo. Pa khoma palibe ankakangana, popeza mwala umaoneka ndi maso. Pa Tombland malire adali m'zikalata ndi m'zokumbukira za anthu basi.

Moto wa 1272

Mu Juni 1272, m'masiku a msika wa pachaka uja, antchito a amonke ndi anyamata a mumzinda adayambana pa Tombland pa masewera olasa chandamale ndi mikondo. Ndewu idakula ndipo ku mbali ya mzinda kudafa anthu. Coroner wa mzinda adafufuza imfazo n'kupeza antchito a amonke olakwa, ndipo ena mwa iwo adagwidwa atatuluka mumpanda. Kwa mkulu wa amonke, William de Brunham, uku kudali kulowerera ufulu wa tchalitchi. Adalengeza kuti eni mzinda achotsedwa mu mpingo, adatseka zipata, ndipo adaitanitsa amuna a zida kuchokera ku Great Yarmouth, doko la kunyanja, omwe adabwera pa mabwato kudzera mumtsinje. Mtsinje womwe udabweretsa miyala yomangira tchalitchi udabweretsanso ankhondo. Amuna amenewa adakwera pa nsanja ya mabelu n'kumaponya mivi kwa odutsa m'misewu, ndipo usiku wina adatuluka kukafunkha m'nyumba za anthu.

Pa 11 Ogasiti eni mzinda adasonkhana pamsika n'kupita kukaukira mpandawo. Adayatsa zipata. Ena adakwera pa nsanja ya tchalitchi cha St George cha pa Tombland pomwepo, n'kumaponya moto ku nsanja ya amonke. Tchalitchi chaching'ono cha St Ethelbert cha mumpandamo chidapsa, nyumba zambiri za amonke zidapsa, ndipo moto udalowanso m'tchalitchi chachikulu n'kuwononga zamatabwa, mabuku ndi zovala za Misa. Anthu 13 a mbali ya amonke adaphedwa, ndipo kufunkha kudatenga masiku atatu.

Yemwe adatentha tchalitchi chachikulu ndani? Apa olemba mbiri a nthawiyo akusiyana, ndipo kusiyana kwawo kukutsata malire omwewo. Bartholomew Cotton, yemwe adali mmonke wa pa Norwich pomwepo, akuika mlandu wonse pa eni mzinda. Buku la mbiri ya mzinda wa London lotchedwa Liber de Antiquis Legibus, lomwe lidalembedwa ndi munthu wa gulu la amalonda olamulira mzinda, likuti mkulu wa amonke adaika amisiri osula zida pa nsanja ya tchalitchi, ndipo iwowa pothawa adasiya moto wawo ukuyaka. Mmonke adaikira kumbuyo amonke, wa mumzinda adaikira kumbuyo a mumzinda anzake. Ine sindikuona chifukwa chokhulupirira mmodzi ndi mtima wonse n'kutaya mnzake. Chomwe onse akuvomereza, ngakhale mosafuna, n'chakuti mbali zonse ziwiri zidasandutsa nsanja za matchalitchi kukhala malo oponyerapo zida.

Mfundo imeneyi ndiyofunika kuigwiritsa, chifukwa n'chapafupi kuwerenga nkhani ya 1272 ndi maso a lero n'kuganiza kuti kudali kulimbana kwa anthu opemphera ndi anthu osapemphera. Eni mzinda wa Norwich adali Akhristu okonda matchalitchi awo kwambiri. M'kati mwa mzindawu mudali maparishi oposa 50, ndipo matchalitchi 31 a nthawi imeneyo akadali chiimire. Ambiri mwa iwo adamangidwa kapena kukulitsidwa ndi ndalama za amalonda. Anthu omwe adayatsa chipata cha amonke ndi omwewo ankapita ku Misa Lamulungu m'maparishi awo. Chomwe ankadana nacho ndi mwini malo wamphamvu yemwe ankati akalakwa amabisala kumbuyo kwa guwa. Ndiyenera kuonjezera kuti chida chachikulu cha amonke, chochotsa anthu mu mpingo, chinkaluma pa chifukwa chomwechi chakuti ochotsedwawo adali okhulupirira. Munthu wosakhulupirira sungamuopseze ndi kumumana sakalamenti.

Chilango chidagwera mbali imodzi kwambiri. Mfumu Henry III, yomwe idali yokalamba ndipo idamwalira mu Novembala chaka chomwecho, idafika ku Norwich mu Sepitembala. Anthu pafupifupi 30 a mumzinda adaphedwa, ena atakokedwa ndi akavalo m'misewu asadapachikidwe, ndipo mayi wina yemwe adapezeka wolakwa pa kuyatsa chipata adatenthedwa. Ufulu wa mzinda wodzilamulira udalandidwa, ndipo mapemphero a m'matchalitchi a mumzinda adaletsedwa kwa kanthawi. William de Brunham adatula pansi udindo wake, koma sadaweruzidwe m'bwalo la mfumu ngati anzake aja, popeza munthu wa mpingo adali ndi bwalo lakelake. Apanso malire adagwira ntchito, ulendo uno ozungulira thupi la munthu.

Mu 1275 Mfumu Edward I idagamula kuti mzinda ulipire amonke ndalama zotchedwa mark zokwana 3,000, zomwe ndi mapaundi 2,000, m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndiponso upereke kabokosi ka golide kosungiramo Ukaristia ka mtengo wa mapaundi 100. Tikayerekeza ndi mapaundi 108 a pachaka aja, tiona kuti chindapusachi chidali chofanana ndi msonkho wa mfumu wa zaka pafupifupi 20. Tchalitchi chachikulu chidadalitsidwanso mu 1278 mfumu ili pomwepo. Cha m'ma 1316 padamangidwa chipata chatsopano chotchedwa Ethelbert Gate, chokhala ndi kachipinda kopemphereramo pamwamba pake m'malo mwa tchalitchi chidapsa chija, ndipo chimadziwika ngati chipatso cha chilango cha eni mzinda. Pamwamba pa khomo lake pali chosema cha munthu wa lupanga akulimbana ndi chinjoka. Mwana wa munthu yemwe adapachikidwa mu 1272 ankachiona chipata chimenechi nthawi iliyonse akadutsa pa Tombland. Chigamulo cha mfumu, komabe, sichidathetse funso lenileni lakuti bwalolo ndi la yani.

Munthu yemwe adapulumukira pa malire

Si nthawi zonse pomwe kuchuluka kwa malire kunkapweteka munthu wamba. Malamulo a England ankalola wopalamula kuthawira m'tchalitchi chilichonse n'kukhalamo masiku 40 popanda womugwira. Anthu oyandikana ndi tchalitchicho ankayenera kulondera kuti asathawe, ndipo akathawa iwo ndiwo ankalipira. M'masiku amenewo wothawayo ankasankha kukaonekera ku bwalo, kapena kuvomera mlandu wake pamaso pa coroner n'kulumbira kuti achoka m'dzikomo osadzabweranso. Akasankha kuchoka ankapatsidwa doko loti akakwerere chombo, ndipo ankayenda mumsewu waukulu atanyamula mtanda. Ufulu umenewu udathetsedwa kotheratu mu 1624.

Cha m'ma 1285 munthu wina wa ku Norwich, Walter Eghe, adaweruzidwa ndi akuluakulu a mzinda pa mlandu wa kuba, ndipo adapachikidwa. Atamutsitsa adapita naye ku tchalitchi cha St George cha pa Tombland, chomwe chija adaponyerapo moto, kuti akamuike m'manda. Ali komweko adatsitsimuka. Popeza tsopano adali m'tchalitchi, omupachika aja sakadathanso kumukhudza. Adakhala m'menemo masiku 15 akulonderedwa, kenako adazemba, n'kudutsa bwalo la Tombland, n'kulowa mumpanda wa amonke, momwe akuluakulu a mzinda adalibiretu mphamvu. Mtunda wake ndi waufupi kwambiri, wongodutsa msewu, koma adadutsa m'maulamuliro atatu. Pamapeto pake mfumu idamukhululukira. Oweruza a mfumu atafufuza adapeza kuti akuluakulu a mzinda adapyola mphamvu zawo pomuweruza ndi kumupachika m'njira imeneyo, ndipo mzinda udalandidwanso ufulu wake kwa kanthawi. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma Walter Eghe mapanga awiri ndiwo adamusunga.

Nkhaniyi ikuonetsanso yemwe ankapindula koposa onse ndi mikanganoyi. Amonke ndi eni mzinda, aliyense ufulu wake udachokera m'chikalata cha mfumu, ndipo akayambana onse ankathamangira kwa mfumu yomweyo. Mfumuyo inkatha kulanda ufulu wa mzinda n'kudzaubweza italandira ndalama. Sindikunena kuti mafumu ankakoleza dala moto, koma n'zoonekeratu kuti sadali ndi changu chojambula malire omveka bwino kamodzi n'kamodzi.

Makoma ena, mlandu womwewo

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 mpaka cha m'ma 1343 eni mzinda adamanga khoma lawo la miyala, lotalika pafupifupi makilomita anayi, lokhala ndi zipata 12. Mbali ya kum'mawa mtsinje ndiwo udali khoma. Mpanda wa amonke udatsalira m'kati, ngati chilumba. Mu 1404 Mfumu Henry IV idakweza Norwich kukhala chigawo choima pachokha, chokhala ndi meya, ndipo eni mzinda adatenga chikalata chimenechi ngati umboni wakuti malo onse a m'kati mwa khoma ndi ozungulira mzinda ndi awo. Amonke sadavomere. Cha m'ma 1420 Sir Thomas Erpingham, msilikali wotchuka wa pa nkhondo ya Agincourt ya mu 1415, adamangira amonke chipata chachiwiri choyang'ananso pa Tombland, chokongoletsedwa ndi zosema za oyera mtima.

Mlandu suwola. Mu Januwale 1443 eni mzinda adaukiranso. Ulendo uno mkangano wa malire udasakanikirana ndi wa zigayo za madzi zomwe mzinda udamanga pa Wensum, zomwe mkulu wa nyumba ina ya amonke, ya St Benet, ankati zikumuwonongera zake, ndiponso ndi kugawikana kwa akuluakulu a mzinda eni ake. Khamu la anthu lidazinga mpanda wa amonke n'kuopseza kuti liutentha, mpaka amonke adapereka chikalata china chomwe mzinda udasainira kale mokomera iwo. Chipolowechi chimadziwika ndi dzina la John Gladman, wamalonda yemwe adayenda pa kavalo m'misewu atavala chisoti chachifumu cha pepala. Adani a mzinda adati ankadziyesa mfumu, pomwe eni mzinda adati adali masewera a chikondwerero chabe. Mzinda udalandidwanso ufulu wake mpaka mu 1447. Tchalitchi sichidapse ulendo uno, ndipo ndikuganiza kuti chikumbumtima cha zomwe zidatsatira moto wa 1272 chidathandiza kugwira anthu manja.

Mkanganowu udatha mu 1524, pomwe Kadinala Thomas Wolsey, nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, adagamula nkhaniyi. Amonke adasiya ulamuliro wawo pa Tombland, Holme Street, Ratton Row ndi madera ena a kunja kwa mpanda wawo. Eni mzinda nawo adasiya ufulu wodyetsa ziweto pa malo a amonke a ku Eaton ndi ku Lakenham, ndipo m'malo mwake adapatsidwa maekala 80 akhale awoawo. Kwa nthawi yoyamba malire a m'zikalata adagwirizana ndi malire a miyala. Padali patapita zaka 252 kuchokera pa moto uja.

Amonke adakhala ndi mtendere umenewu zaka 14 zokha. Mu 1538, Henry VIII atadzipatula kwa papa n'kuyamba kutseka nyumba za amonke m'dziko lonse, nyumba ya amonke ya ku Norwich idathetsedwa. Mkulu wawo womaliza, William Castleton, adakhala dini woyamba wa tchalitchicho, ndipo ambiri mwa amonke ake adangosintha zovala ndi mayina a maudindo n'kupitiriza kukhala mumpanda momwemo. Zipata zonse ziwiri, Ethelbert Gate ndi Erpingham Gate, zikuyang'anabe pa Tombland. Malo odyetsako ziweto omwe eni mzinda adalandira mu 1524 amatchedwa Town Close. Lero pali nyumba zokhalamo anthu ndi sukulu, ndipo ndalama zochokera pa malowa zimayendetsedwa ndi bungwe lothandiza anthu omwe ali ndi ufulu wakale wa eni mzinda wa Norwich.